Timabawuti Tiwiri Tosanyezimira

Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, salira. Ndakhala naye nyumba imodzi zaka zisanu ndi ziwiri, ndamuona akugwa pamakwerero, ndamuona magetsi atamutayira uko ngati thumba, koma misozi ayi. Ndiye Lachiwiri lija nditamupeza atakhala pakhonde, chikwama cha zitsulo chili pamapazi, maso ali psuu, ndinadziwa kuti zavuta.

"Apongozi, kwagwanji?"

"Makina aja asweka, amayi. Akuti ndawapha ndine. Lachisanu akubwera a insipekita kudzalanda laisensi yanga."

Ndisaname, ntchito yake ya zamagetsiyo sindinaikondepo. Ine ndinagwira upolisi zaka makumi atatu, ndinapuma ndili sajeni wofufuza milandu, komabe ndinkafuna mwana wanga akwatire mkazi wa muofesi, wovala diresi, osati wa ovolosi ndi zikhadabo zoduka. Anzanga kutchalitchi akandifunsa ndinkangoti, "Amagwira ku kampani." Komanso masiku amenewo ndinali wokwiya kale, chifukwa kabotolo kanga ka polishi wa zikhadabo, wofiira wonyezimira uja wodula, kanali katasowa pagalasi panga, ndipo nyumba yonse inkakana. Koma laisensi ndi nkhani ina. Mtsikanayu anaivutikira zaka zinayi, akuwerenga mwana ali kumbuyo. Akamulanda, waya sangaugwirenso moyo wake wonse.

"Longosolani bwino," ndinatero. "Muzilankhula ngati mukuuza munthu wosadziwa kanthu, chifukwa ndi mmene ndilili."

Anapukuta m'maso n'kuyamba. Kunyumba ya okalamba ya kumtunda kwa msewu wathu, chotenthetsera madzi chakale chinafa, ndipo anthu akufuna kwabwino anagula makina okoka kutentha pansi pa nthaka.

"Pansi sipazizira ngati kunja kuno, amayi. Amaboola mabowo anayi, lililonse mamita zana. Amatsitsamo mapaipi opita pansi n'kubwerera. M'mapaipimo mumazungulira madzi osakaniza ndi mankhwala, amatenga kakutentha ka m'nthaka n'kubwera nako. Makina amakakulitsa, ndiye amatenthetsa madzi osamba ndi zipinda. Ingoganizani fuliji yogwira ntchito motembenuza."

"Tsono chawapha n'chiyani?"

"Pali kaswichi koteteza. Madzi akabwerera ozizira kwambiri, kamazimitsa makina asanaundane. Ndinakalumikiza Lachisanu, ndinakayesa katatu, ndinatseka bokosi. Loweruka masana tinayatsa. Dzulo madzi anaundana, chitsulo cham'kati chinang'ambika. Titatsekula bokosi tinapeza kawaya kakafupi kodumpha kaswichi kaja. Kaswichi kankakuwa, makina osamva."

"Munaika ndinu?"

"Amayi!"

"Ndangofunsa. Kufunsa ndi kumene kunkandidyetsa."

Anayang'ana pansi. "Choipa n'chakuti ine kabawuti kalikonse ndikamanga ndimakadonthezera kadontho kofiira, kuti ndidziwe kuti apa ndamaliza, komanso kuti wina akamasula zioneke. Aliyense pantchito amadziwa. Timabawuti tiwiri togwira kawaya kaja tili ndi madontho ofiira."

Ndinakatenga nsapato zanga zaphwatalala ndi tochi.

*

A Metroni, amene amayendetsa nyumbayo, anatitsekulira chipinda cha makina nkhope ili gwaa. Pansi panali ponyowa. Makinawo anali ngati kabati yoyera, ali zii. M'khonde munali agogo atakhala pamzere, atadzikulunga m'mabulangeti, ndipo nyengo yozizira inali isanafike n'komwe pachimake.

"Makiyi amakhala kuti?" ndinafunsa.

"Pamsomali, kukhitchini," anatero a Metroni. "Koma a Sajeni, musavutike. Ndi ngozi ya pantchito. Mwina mwanayu anangoiwala."

Mpongozi wanga anatsekula bokosi la mawaya. Ee, ndiyenera kuvomera, munali mwaukhondo kuposa m'kabati yanga ya mbale. Mawaya atagona pamizere, uliwonse uli ndi nambala yake, kabawuti kalikonse kali ndi kadontho kofiira. Ndinayatsa tochi n'kuyandikira. Kenako ndinawerama kwambiri, mpaka mawondo anadandaula.

Mtundu umenewo ndinkaudziwa.

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Mpongozi wanga anali akuyang'ana kudenga ngati kuli chinachake chofunika.

"Apongozi."

"Amayi."

"Uyu ndi polishi wanga."

"Wanga unatha, amayi. Ndimati ndibweza."

"Milungu iwiri ndakhala ndikunamizira mwana wanga kuti ali ndi chibwenzi!"

A Metroni anatsokomola kuti abise kuseka. Ine ndinabwerera m'bokosi muja ndi tochi kuti ndiwerenge mmene polishi wanga anathera. Ndinayendetsa kuwala kabawuti ndi kabawuti mpaka pa tiwiri tija. Pamenepo mkwiyo unatha. Ndinaunikanso, ndinapendeketsa tochi, ndinaunikanso.

"Tsekani bokosi," ndinatero. "A Metroni, makiyi awa asakhalenso pamsomali. Muwaike m'thumba mwanu mpaka Lachisanu."

"Mwaona chiyani?"

"Ndaona kuti wina ndi wochenjera, koma sanapakepo zikhadabo."

*

Pulambala ndinamupeza kuseri kwa nyumba akukulunga payipi yothirira. Anali munthu wowonda, wolumbira asanafunsidwe.

"Mulungu aone, a Sajeni, ine mawaya sindigwira! Ndimaopa ngakhale batire la wailesi. Ine ndi madzi basi, madzi ndi ine, funsani aliyense."

"Sindinanene za mawaya. Munathira ndinu madzi a mankhwala m'mapaipi a pansi?"

"Ndine, ndine, ndinathira bwinobwino, mpweya wonse ndinatulutsa, Mulungu aone."

"Migolo ingati?"

Apa anayamba kukanda khosi. Maso ake anathawira kukashedi ka malata kamene kanali pakona. Ine ndinangotsatira masowo ndi miyendo. M'kashedimo, pansi pa lona, munali migolo isanu ndi umodzi yodzaza, yosatsekula.

"Sindinabe!" anakuwa. "Onani, yonse ilipo! Papulani analemba migolo khumi. Ine ndathira inayi, mapaipi adzaza thoo. Ndinadabwa, ndinakauza a Mfuko."

"A Mfuko ndi ndani?"

"Oboola mabowo aja. Timawatchula choncho poti amakhalira kukumba. Iwo anaseka, akuti dothi la kuno n'lothina, limafinya mapaipi, ndisadandaule. Akuti ndikalankhula anthu aziti ndagulitsa mankhwala. Ndiye ndinabisa, a Sajeni. Ndili ndi ana."

Ndinamuyang'ana mpongozi wanga. Milomo yake inkayenda, akuwerengera chamumtima.

"Dothi silifinya paipi imeneyo, amayi," anatero motsitsa mawu. "Ngati migolo khumi ndi ya mamita zana, ndiye inayi ndi ya..."

"Musamalize. Ndikufuna wina andiuze yekha."

*

Pa zenera loyang'ana pabwalo pomwe anaboola panali mkulu wina wa jekete lotuwa, kope lili pamwendo. A Metroni anati ndi a Kalaliki, amene moyo wawo wonse ankawerenga matumba olowa ndi otuluka m'nyumba yosungira katundu, ndipo mpaka lero sanasiye. Ankawerenga mbalame, magalimoto, ngakhale mabisiketi a anzawo.

"Bambo, munaonako akuboola?"

"Masiku asanu ndi limodzi. Kuyamba mphindi khumi itapitirira eyiti koloko. Mochedwa tsiku lililonse." Analankhula ngati akuwerenga lipoti.

"Munawerenga chiyani?"

Ananyambita chala n'kutsekula kope. "Ndodo zachitsulo. Bowo loyamba, khumi. Lachiwiri, khumi. Lachitatu, khumi. Lachinayi, khumi. Ndinamufunsa wantchito wina kutalika kwa ndodo imodzi. Mamita anayi."

"Simunaphonyeko? Mwina munagona."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Mayi, ndagwira ntchito zaka makumi anayi, thumba silinasowepo."

"Pepani. Nanga mapaipi?"

"Mipukutu isanu ndi itatu inabwera. Inayi inadulidwa n'kulowa pansi. Inayi yathunthu ndi zotsala zinakwera lole, pansi pa lona wobiriwira. Ndinauza a Metroni. Anandipatsa tiyi."

A Metroni anayang'ana nsapato zawo.

"Loweruka m'mawa munali pano?"

"Ndimakhala pano. Anzanga anali kuchipinda chodyera, amaimba nyimbo Loweruka. Ine sindiimba. Mphindi makumi awiri itapitirira naini koloko anafika mwini lole. Wapansi, lole anaisiya kumsewu. Analowera kukhitchini. Anatuluka patapita mphindi khumi ndi zinayi."

"Ananyamula chiyani?"

"Kachitini. Kakang'ono, ngati ka mafuta odzola."

Ndinatsala pang'ono kuwapsompsona pamphumi mkuluyo.

*

Lachitatu ndinapita ndekha kuyadi ya a Mfuko. Ndinavala duku ndi juzi yakale, ndinatsimphina kuposa mmene ndimatsimphinira. Palibe amene amaopa gogo wotsimphina.

Anali chimunthu cha mimba, mawu ngati injini, akuyang'anira anthu ake akumanga katundu palole.

"Aaa, mayi wanga! Ndinu apongozi ake a mtsikana wa magetsi uja? Pepani, pepani ndithu. Ine ndinanena poyamba pomwe, ntchito izi n'zolemera kwa azimayi. Koma adzapeza ina. Saluni, kapena kusoka."

"Zoona, bambo," ndinatero modzichepetsa, magazi akuwira. "Ndimati mwina munaonako china m'chipinda cha makina."

"Ine? Chipinda chimenecho sindinapondemo. Ntchito yanga imathera panja, pamatope. Loweruka ndinali kutali, kukaona malo a ntchito ina, tsiku lonse. Funsani anthu angawa."

Anthu akewo anagwedeza mitu onse pamodzi, asanamve n'komwe funso.

"Muli paulendo?"

"Loweruka likubwerali. Ntchito yaikulu, kutali kwambiri, miyezi isanu ndi umodzi. Ndingodikira a insipekita asainire kuti mbali yanga ilibe vuto."

Ndinapempha madzi akumwa. Akukatunga, ndinayendayenda ngati gogo wosochera. Ndodo zoboolera zinali pamulu, iliyonse ili ndi mzere wofiira kumapeto. Pa tayala la lole panali kachitini ka penti wofiira, kamtengo kali m'kati. Ndipo kuseri kwa shedi, lona wobiriwira anali atatukuka m'mphepete, pansi pake pakuoneka mipukutu yakuda.

Ndinamwa madzi, ndinathokoza kawiri. Nditangokhota pakona kutsimphina kunatha. Ndinaimbira mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa ntchito ali kapolisi kamantha, pano ndiye mkulu wa ofufuza.

"Mwanawe," ndinatero, "Lachisanu teni koloko uli ndi chochita?"

*

A insipekita anali bambo wa magalasi, wolankhula pang'ono, fayilo ili kukhwapa. M'chipinda cha makina tinadzaza: iwo, a Metroni, pulambala, a Mfuko atavala shati yoyera, mpongozi wanga ndi ine.

"Nkhaniyi ndi yachidule," anatero a insipekita. "Kaswichi koteteza kanadumphidwa. Timabawuti tili ndi chizindikiro cha mwini ntchito. Mayi, laisensi mwabwera nayo?"

Mpongozi wanga anaitulutsa m'thumba la ovolosi. Mtima wanga unawawa.

"Bwana," ndinatero, "ndipempheko mphindi zisanu ndi mdima pang'ono."

"Ndinu ndani?"

"Mwini polishi."

Sindinadikire yankho. Ndinazimitsa getsi, ndinatseka chitseko, ndinayatsa tochi n'kuwapatsa m'manja.

"Unikani kabawuti kalikonse, mopendeketsa."

Anawerama. Kuwala kutagunda mzere woyamba, timadontho tinayamba kuphethira, ng'ani ng'ani ng'ani. Mzere wachiwiri chimodzimodzi. Polishi ameneyo ali ndi tinthu tonyezimira m'kati mwake, n'chifukwa chake ndi wodula, n'chifukwa chake ndinamulira milungu iwiri. A insipekita anafika pa kawaya kaja n'kuima.

"Awa sakunyezimira."

"Sanganyezimire. Ameneyo ndi penti wa zitsulo. Amene anapaka ankadziwa kuti mpongozi wanga amadontheza chofiira, koma sanadziwe kuti chofiiracho anachita kuba kuchipinda kwa apongozi ake."

Ndinayatsa getsi. A Mfuko anaseka, koma kusekako kunali kouma.

"Penti wofiira ali paliponse, mayi. Ndipo ine ndingadumphirenji kaswichi? Ndipindulanji?"

Sindinayankhe ine. Anayankha mpongozi wanga, mawu atabwerera m'malo mwake.

"Chifukwa mabowo ndi aafupi, bwana insipekita. Paipi yaifupi siitenga kutentha kokwanira. Madzi akanabwerera ozizira, kaswichi kanga kakanazimitsa makina tsiku loyamba lomwelo, ndipo aliyense akanafunsa za mabowo. Iwowa sankafuna kuswa makina. Ankangofuna kaswichi kakhale chete mpaka musaine, iwo anyamuke."

"Bodza!" a Mfuko anabangula. "Mamita zana, bowo lililonse! Munalowamo inu pansipo?"

"Sitilowa," anatero iye. "Tituma chingwe."

Tinatuluka tonse pabwalo. Pulambala anatsekula chivundikiro cha dzenje lomwe mapaipi amakumanirana, anamasula paipi imodzi, ulendo uno osalumbira. Mpongozi wanga anatulutsa chingwe chimene tinakhala tikumanga mfundo dzulo lake masana onse, mfundo imodzi pa mita iliyonse, kumapeto kuli nati yachitsulo yolemera. A insipekita anayeza mfundo zitatu ndi tepi yawo n'kuvomera. Nati inalowa m'paipi.

Mazenera onse anali atadzaza mitu ya imvi. Ndipo kuchokera pa zenera lapakati panamveka mawu a a Kalaliki, okweza, osathamanga.

"Imodzi. Ziwiri. Zitatu."

Pofika pa khumi, agogo onse anali akuwerenga nawo. Pofika makumi awiri, ophika anatuluka ndi zipande m'manja. A Mfuko anayamba kupukuta thukuta, kunja kukuzizira chonchija. Makumi atatu. Chingwe chinkatsetsereka m'zala za mpongozi wanga, zala zomwe zija za zikhadabo zoduka.

"Makumi anayi!"

Chingwe chinakhwepa. Anachikweza pang'ono, anachisiya, chinakhwepanso. Nati inali itagunda pansi.

Kenako a Kalaliki anatseka kope lawo, phaa, n'kunena kuti, "Ndinanena."

Eee, phokoso lake! Agogo aakazi analuluta, wina ankamenya ndodo yake pa zenera, pulambala anathamangira kukashedi n'kuvundukula migolo ija akukuwa, "Nayi! Nayi! Anandiuza kuti dothi limafinya!" A Mfuko anayamba kubwerera chambuyo kulowera kugeti, koma pageti panali pataima mtsikana wanga uja ndi apolisi awiri. Anali atadutsa kale kuyadi. Mipukutu inali m'galimoto yawo, kachitini kali m'pepala la pulasitiki.

"Mayi wanga," anatero a Mfuko akundiyang'ana, mawu atachepa, "tikambirane ngati anthu akuluakulu."

"Mukakambirana ndi mwanayu," ndinatero. "Nayenso ndi mzimayi. Muona ngati ntchito ikumulemera."

A insipekita anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. Kenako anapita pomwe panali mpongozi wanga, amene anali akadagwada ndi chingwe chake.

"Mayi, bwezani laisensi m'thumba. Ndayendera mabokosi ambiri. Lanu ndikufuna ndilijambule, ndizikaonetsa amene ndimawaphunzitsa."

Apa ndiye analira. Zaka zisanu ndi ziwiri osalira, anasankha kulira pabwalo, pamaso pa anthu onse, ndipo ine ndinamukalipira kuti asiye, kwinaku ndikufufuza kansalu kanga chifukwa m'maso mwanga namonso munali mutalowa kanthu.

*

Panapita milungu isanu. Kunabwera oboola ena, ndipo a Kalaliki anapatsidwa mpando panja penipeni, ndi chipewa cholimba kumutu. Ndodo makumi awiri ndi zisanu bowo lililonse, anasainira okha. Pulambala anathira migolo khumi yonse, akulengeza uliwonse ngati chigoli. Chitsulo chatsopano cham'kati mwa makina chinafika.

Tsiku loyatsa ndinapita nawo. Mpongozi wanga sanathamange. Anayeza waya uliwonse ndi kamakina kake, anaona kuti waya wopita kunthaka wagwira, anayendetsa pampu yokha kaye mpaka m'mapaipi munasiya kulira mpweya. Kenako anachita dala kunamiza kaswichi kaja kuti madzi abwerera ozizira kwambiri, ndipo makina anazima pompo, thi. Anabwereza katatu, a insipekita akulemba. Atatero ndi pomwe anayatsa zenizeni.

Makinawo sanachite phokoso, ankangong'ung'udza pansipansi. Tinadikira. Manambala pagalasi anayamba kukwera. Patapita nthawi, kuchokera kubafa kunamveka mfuu ya gogo wina: "Afunda! Madzi afunda!" M'khonde mabulangeti anayamba kugwa pamapewa. A Kalaliki anaviika manja m'beseni, anatseka maso, ndipo a Metroni akuti aka kanali koyamba kuwaona atakhala osawerenga kanthu.

Mpongozi wanga anandikodola. Bokosi linali lotsekula, timadontho tonse tili ng'ani ng'ani, kupatula kabawuti kamodzi ka pa kaswichi kaja. Anakamanga, anakayesa, kenako anatulutsa kabotolo kanga m'thumba n'kundipatsa kaburashi.

"Pakani ndinu, amayi."

"Ine sindidziwa za magetsi."

"Koma polishi mumamudziwa."

Ndinadontheza. Kadontho kanakula kuposa ena onse, koma iye anati kali bwino.

Lamulungu lotsatira, mayi wina wa kutchalitchi anandifunsanso funso lake lija, kuti kodi apongozi anu paja amagwira kuti. Ndinayankha mokweza, mpaka a kwaya anacheuka.

"Ndi wamagetsi. Wa laisensi. Ngati kwanu kuli kozizira, ndikupatsani nambala."

Kabotolo kaja sanabweze. Ndinamugulira ena awiri, ndipo ndinawaika ndekha m'chikwama chake cha zitsulo.